Simbi Yokulunga M'thaulo

14 Novembala

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, inu ndi achemwali ndi mdzukulu wanu. Kuno tikadali amoyo. Ndasankha kulemba chifukwa pa foni mumangondifunsa ngati ndadya, ine n'kuvomera, tonse n'kudula tisananene chilichonse.

Shopu ikuyenda. Mwezi uno ndasoka mayunifolomu a sukulu ya mkaka ya kuseri kwathu, ndipo maso anga atopa ndi mtundu wachikasu. Makina anu aja akadali ndi matama awo. Akakwiya amadula ulusi mpaka nditawathira mafuta ndi kuwanyengerera. Mnzanga wa saluni yoyandikana nafe amati makinawo ndi apongozi anga achiwiri.

Amayi, mwezi watha ndinakunamizani. Sindinapite kokagula nsalu ayi, ndinagona m'chipatala masiku anayi. Ndinagwa ndikuyeza kasitomala, tepi ili m'khosi, mapini ali kukamwa. Wa saluniyo ndiye anandithamangitsira kumeneko, manja ake ali mankhwala a tsitsi okhaokha.

Madokotala anandigoneka tulo, naboola pamchombo n'kulowetsa kakamera. Nditadzuka, dokotala wamkazi, wamfupi, wolankhula mosathamanga, anakhala m'mphepete mwa bedi langa n'kujambula chiberekero papepala. Anati matenda anga ndi endometiriyosisi. Ndinamupempha kuti andilembere, popeza lilime langa linakana. Anafotokoza kuti kamnofu kofanana ndi kamene kamayala m'kati mwa chiberekero kamamera kunja kwake, pa thumba la mazira ngakhale pa matumbo. Mwezi uliwonse nako kamatupa ndi kukha magazi, koma magaziwo alibe potulukira, ndiye m'kupita kwa zaka ziwalo zimamatirirana. Ine ndinamva mwautelala, kuti zili ngati wasokera malaya kumodzi ndi nsalu ya patebulo.

Ndinafunsa funso limene ndakhala nalo zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri.

"Adokotala, ndinalakwa chiyani?"

"Palibe chimene munalakwa, mayi," anatero. "Chenicheni chimene chimayambitsa sitikuchidziwa mpaka lero. Ena amati magazi a msambo amabwerera m'mbuyo kudzera m'machubu n'kukagwera m'mimba, koma zimenezo zimachitikiranso amayi ambiri amene sadwala. Ena amati chitetezo cha m'thupi chimalephera kusesa zotsalazo. Mahomoni nawo ali ndi mbali yake. Komanso zimakonda kuyenda kumtundu."

"Nanga munthu akachotsa mimba?"

Anaika pepala lija pansi. "Matendawa amagwira ngakhale mtsikana amene sanadziwepo mwamuna. Wakuuzani zimenezo ndani?"

Sindinakutchuleni, Amayi. Kenako anandifunsa ngati mayi anga kapena mchemwali wanga amavutika pa msambo. Ndinayankha msangamsanga kuti ayi, mayi anga sanagonepo masana chibadwire changa.

Nditabwerera kushopu, ndikusita kolala ya yunifolomu, m'pamene ndinaona kuti ndinamunamiza dokotala uja. Simbi imene inali m'manja mwanga ndi yanu ija, ya makala, yachigwiriro chong'aluka. Ndinakumbukira kuti masiku ena mukamaliza kusita munkakhuthula makala, n'kuikulunga m'thaulo, n'kulowa nayo kuseri kwa katani koyezera zovala. Tsiku lina, ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndinasuzumira. Ndinakupezani mutagwada, simbi mutaikanikiza pamimba, tepi mutailuma. Munati mukufunafuna batani limene lagwa. Ndinagwada nanu, ndipo tinafuna batanilo limodzi mpaka kasitomala anagogoda.

Ndinakumbukiranso khungu la pamimba panu, lodera ndi kutentha, lomwe munkati ndi chibadwa. Langa lilinso chimodzimodzi tsopano. Ndipo ife ana anu tilipo awiri okha, pakati pathu zaka khumi. Anthu akafunsa munkaseka n'kuti Mulungu anakulererani yekha.

Ine nditayamba kupindika mwezi ndi mwezi, munandipatsa dzina la Adona, kuti ndine dona wogona anzake akugwira ntchito. Munkati mkazi aliyense amamva kupweteka, ndingolimba mtima. Dzinalo sindinadane nalo, ngakhale makasitomala ankandiitana choncho. Chimene chikundiwawa ndi cha Loweruka lija, ndili Fomu 3, pamene munandisiya ndikupinda diresi la ukwati la mwana wa aphunzitsi. Ndinakomoka pampando, ndipo magazi, oundana, anafika pa nsalu yoyera ija. Mayi wogulitsa zipi pakhomo loyandikana anakunong'onezani kuti magazi otero amatuluka kwa mtsikana amene wamwa zinthu. Munatseka chitseko cha shopu masana dzuwa likuswa mtengo.

"Mimba inali ya ndani? Wamwa chiyani iwe?"

Ndinalumbira, inu munandimenya mbama. Kenako munachapa diresi lija ndi madzi ozizira, kachetechete, ndipo nkhaniyo sitinaikambenso. Ine ndinkayesa kuti inatha ndi banga lija.

Koma mlandu suola. Nditatuluka m'chipatala ndinatenga pepala la dokotala n'kumupatsa mkamwini wanu, mtima uli m'malo kuti tsopano amva chifukwa chake zaka zisanu ndi zitatu zatha popanda mwana m'nyumba muno. Analiwerenga ataimirira, chikwama chake cha mawaya chili paphewa, n'kuliika pamwamba pa firiji.

"Mapepala ndi mapepala," anatero. "Mayi ako anandiuza okha."

"Anakuuzani chiyani?"

"Chaka chija anabwera kudzationa. Anandiitanira pakhonde, akuti ndikukhululukire, unali mwana, sunkadziwa chimene unkachita."

Amayi, ndinakhala pansi pa simenti. Ndikudziwa kuti munkafuna kundisungira banja, munkandipepesera. Koma munapepesa mlandu umene sindinapalamule, ndipo munthu uyu wakhala nawo m'mtima zaka zisanu, akudya nane mbale imodzi. Ndinkadabwa kuti ndikamagubuduka ndi ululu bwanji amangokweza wailesi. Iye ankaona ngati ndikukolola zimene ndinafesa. Pano ali kwa mkulu wake, sabata yachiwiri, ndipo apongozi anga asiya kundiyankha moni.

Munandiphunzitsa kuti kukana nsalu ya akulu n'kuviika, ndipo ndakhala ndikuviika moyo wanga wonse. Lero mundilole ndikane poyera. Sindinakhalepo ndi mimba, Amayi, ngakhale ya tsiku limodzi. Ndakwiya nanu, ndipo ndikukumverani chisoni, chifukwa ndikuganiza kuti inunso munagwada kuseri kwa katani zaka zonse zija mukuyesa kuti pali chimene munalakwa.

Pa 3 mwezi wamawa ndikulowa ku opaleshoni. Akachotsa thumba la mazira la kumanzere, lomwe lawonongeka, ndi kumatula zina zimene angathe. Za mwana dokotala sanalonjeze, ndipo ine ndasiya kusunga tizidutswa ta nsalu zofewa m'katoni muja. Sindikukupemphani kuti mubwere, miyendo yanu ndikuidziwa, ndipo wa saluni wati adzandidikirira. Ndikupempha chinthu chimodzi. Mumuimbire mkamwini wanu tsikulo lisanafike, mumuuze kuti simunaone kalikonse, munangomva za wogulitsa zipi. Pepala la dokotala walikana, koma inu adzakumverani, poti munamanga ndinu. Kaya abwerera kaya sabwerera, zimenezo nzake. Ine sindikufuna kugonekedwa pa tebulo la opaleshoni ndili ndi dzina limene si langa.

Mundiperekere moni kwa achemwali, muwauze kuti bulauzi yawo ndatsala ndi mabatani okha. Moni wapadera kwa mwana wawo, mdzukulu wanu. Ndamusokera siketi yabuluu woderapo, yosaonetsa banga, ibwera ndi bulauziyo. Achemwali anandiuza akuseka kuti wayamba kujomba kusukulu masiku atatu mwezi uliwonse, ndipo kuti inu mwayamba kumutcha Adona Aang'ono. Ine sindinaseke.

Simbi ili kuno, choncho sindikudziwa kuti mukumupatsa chiyani choika pamimba. Koma chonde musamufunse funso limene munandifunsa ine. M'envulopu muno ndaikamo kapepala ka dzina la matendawa. Mupite naye kuchipatala, inuyo ndi achemwali, ndipo dokotala akadzafunsa ngati alipo wina kumtundu amene amavutika chonchi, musadzayang'ane pansi kufuna batani. Mudzayankhe ndinu.

Ndimakukondani, Amayi, ngakhale lero.

Ndine mwana wanu wotsiriza,
Adona