Mawu a Eni Ake

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Msana uja unasiya, kapena mukungoweramirabe makina osokera tsiku lonse? Amayi ali bwanji ndi miyendo ija? Nanga maso a Bambo? Ine kuno thupi lokha ndiye lili bwino.

Musadabwe kuti ndalemba kalata chonsecho foni ndili nayo. Mukudziwa kuti ndikangoimba, Bambo amalanda foni n'kuyamba kufunsa kuti ine Kaseti wawo ndaloweza masamba angati sabata ino. Nkhani iyi si yokambira pa foni nyumba yonse itatchera khutu. Muwerenge muli nokha.

Koleji si mmene tinkaiganizira, Achemwali. M'kalasi timakhalamo anthu oposa mazana awiri. Mphunzitsi amalankhula ngati akuthamangitsidwa, pabolodi salembapo, akamaliza amangonyamula chikwama n'kutuluka. Sabata yoyamba ndinkangokhala cholembera chili m'manja, kudikira kuti anene kuti lembani. Mnzanga wa m'chipinda, amene amagona bedi lapamwamba ine lapansi, anandiseka mpaka misozi, ati kuno palibe amene amatafunira mnzake.

Ndiye mphunzitsi wa mbiri yakale anatipatsa ntchito yoti tilembe masamba asanu. Mumtima ndinati apa pokha andidziwa. Buku lake la nkhaniyo salola kutuluka nalo mu laibulale, choncho ndinakhala momwemo masiku atatu mpaka mutu wonse unalowa. Kenako ndinakalemba pa kompyuta, buku lili kutali, osaphonya ngakhale kadontho. Ndinapereka ndikumwetulira ndekha.

Patatha milungu iwiri anandiitanitsa ku ofesi. Ndinasita bulauzi yomwe munandisokera ija, poganiza kuti akukandiyamikira. Ha! Anangotembenuza kompyuta kuti ndione. Masamba anga onse anali psuu, mzere uliwonse wofiira. Anati kufiirako kukutanthauza kuti mawuwo ndi a munthu wina, ndipo kutenga mawu a mwini osamutchula, n'kulembapo dzina lako, ndi kuba.

Kuba, Achemwali. Ine.

Ndinawauza kuti sindinakopere, zonsezo zili m'mutu mwanga. Pofuna kuti akhulupirire ndinaimirira, manja kumbuyo monga ndinkachitira kunyumba, n'kuyamba kulakatula. Ndinalakatula mpaka tsamba lachitatu. Kenako anavula magalasi, nati ndikhale pansi, umboni umene ankaufuna ndawapatsa ndekha. Ati katundu wa eni ukamuika m'mutu m'malo mwa m'thumba, mwini wake sasintha.

Ndinakumbukira pakhonde paja, inu mutagwira buku, ine nditaima, Bambo atakhala potero ndi kapu yawo. Ndikasintha liwu limodzi inu munkati walakwa, iwo n'kugogoda tebulo. Ankati wolemba buku ndi wanzeru kutiposa tonse, iwe ndiwe yani kuti umukonze? Ndi mmenemo ndinkakhalira nambala wani chaka ndi chaka. Aphunzitsi ankandiimika kutsogolo kuti anzanga atengere chitsanzo. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anandiuza kuti chimene akundiombera m'manjacho kwina ndi mlandu.

Nkhani inapita ku komiti yoona za khalidwe. Sindiwanamizira, sanali anthu ankhanza. Mayi wina wa imvi anati mwina mwanayu sankadziwa, apatsidwe mwayi wina. Anandiika m'kachipinda ndekha, tebulo limodzi, wotchi pakhoma, mapepala oyera. Funso lomwe lija, maola atatu. Lamulo linali limodzi basi: ndilembe m'mawu anga.

Achemwali, ndinawafuna mawu angawo. Chiganizo chilichonse chobwera chinali cha m'buku, ndi nambala ya tsamba yomwe. Ndikati ndisinthe liwu, ndinkamva tebulo likugogodedwa. Ndinkalemba, n'kufufuta, n'kulembanso zomwezo. Maola atatu atakwana, chotsala chosafufutidwa chinali dzina langa ndi nambala yanga. Zaka zonsezi ndimati ndine wanzeru, kani ndine nyumba yosungiramo katundu wa anthu. Atatulutsa wa eni, munatsala mbee.

Chigamulo chatuluka Lachisanu. Phunzirolo ndalephera, ndipo andiimitsa mpaka chaka chamawa. Akuti ndikadzabwerera ndidzayambirenso. Ndidzabwerera ndi mutu uti? Womwewu?

Kuno nkhani yawanda kale. Ena m'kalasi akunditcha Fotokope. Zimenezo ndikanapirira. Koma dzana ndinaona mnzanga wa m'chipinda uja akukhoma sutikesi yake ndi loko, chinthu chimene sanachitepo chifikireni. Atandiona anati lokoyo anangomupeza m'chikwama. Ndinagona kuyang'ana kukhoma, mtima ukuwawa koopsa.

Ndikuchita manyazi ndi inu makamaka. Munasiya sukulu n'kukhala pa makina kuti mmodzi wa ife apitirire, ndipo simunandinenepo ngakhale tsiku limodzi. Taonani amene munamusiyira njira.

Tsopano chimene ndalembera ndi ichi. Akoleji alemba kalata yopita kwa kholo, ndipo pa fomu ndinalemba dzina la Bambo. Akuti inyamuka Lolemba. Ndinapempha kuti ndiione, anandionetsa. Liwu lija loti kuba lilimo, pandime yachiwiri.

Mukuwadziwa Bambo. Zaka makumi atatu pa ntchito yaulonda, osasowetsa ngakhale msomali. Alendo akabwera mawu awo ndi omwe aja, akuti m'nyumba muno tingasowe zonse koma wakuba mulibe. Kulephera angakumve, mwina angakalipe sabata imodzi. Koma liwu limenelo likalowa m'khutu mwawo silidzatulukanso, ndipo ine pakhonde paja sindidzaimaponso.

Ndi maso awo aja, envelopu ikafika adzaitanitsa inu. Adzakhala pampando wawo, n'kunena kuti werenga bwinobwino, usadumphe kanthu. Ndipo ndikukudziwani, mudzawerenga liwu ndi liwu, n'kumasulira ndendende, chifukwa tonse tinakulira patebulo lomwelo.

Chonde Achemwali, ndagwira mwendo wanu. Sindikuti muwanamize. Auzeni kuti ndalephera, auzeni kuti ndikubwera, auzeni kuti ndinachita zimene ndinkaziyesa zabwino. Koma musawawerengere monga yalembedwera. Muwauze m'mawu anu. Ine ndayesa zandikanika, mwina inu muli nawo.

Akagogoda tebulo, musabwerere m'mbuyo.

Mundiperekere moni kwa Amayi, muwauze kuti ndikudya. Moni kwa alamu ndi ana. Wamkuluyo akamakonzekera mayeso, nthawi zina muzitseka buku n'kumufunsa kuti iyeyo akuganiza bwanji. Mulungu akusungeni nonse.

Ndifika Loweruka la sabata yamawa ndi basi ya masana. Ngati nkhani yakhala bwino, mudzandichingamire pa siteji. Ndikapanda kukuonani ndidzadziwa.

Ndine mng'ono wanu,
Kaseti