Wosuntha Anali Wadie

Loweruka, 12 Januwale

Mayi a Nermine andiimbira foni m'mawa. Moni wachidule, kenako: "A Fikri, Lachinayi amuna anga akukwanitsa masiku makumi anayi. Anthu akachoka kutchalitchi adzadyera kuno. Ndikufuna tebulo langa."

Ndati ndamva, mlamu.

Chimwalirireni mnzanga Wadie, nkhondo yathu ikadali pa tebulo lawo lodyera monga tinaisiyira. Mapu a chipululu cha Alamein, ndi timakadi ta katoni mazana atatu, kalikonse kakuimira gulu la asilikali. Ine Angerezi, iye Majeremani ndi Mataliyana. Tinalekeza pa gawo lachisanu ndi chinayi, atatsala magawo atatu. Wosuntha anali iye. Anati mutu ukumuwawa. "Tidzamaliza Lachisanu likubwerali, Ajenerale. Mukhale sabata yonse ndi mantha." Lamlungu lake anagwa pa masitepe a tchalitchi, osadzukanso.

Zaka makumi awiri ndi ziwiri, Lachisanu lililonse ndikachoka kumzikiti. Sitinasiyepo sewero losamaliza.

Lamlungu, 13 Januwale

Ndapitako masana. Chipinda chikununkhirabe fodya wake. Ngodya za mapu zikadali zopsinjidwa ndi makapu atatu ndi mbale ya phulusa, chifukwa tonse tinkakana kugula galasi lophimbira. W. ankati mtengo wa galasi ndi masewera awiri.

Chodabwitsa: fumbi palibe. Paliponse mbee.

Ndinaganiza zolemba malo a kakadi kalikonse m'kope, ndilongedze zonse, ndikazikonzenso kwanga. Mbali yanga ndamaliza mu ola limodzi. Ndajambulanso ndi foni. Koma chithunzi chimangoonetsa kakadi kapamwamba, pamene timakadi ta W. n'tosanjikiza, patatu, panayi. Ndipo lamulo ndi lakuti susuzumira pansi pa mulu wa mdani. Ukatero wabera.

Pali mulu umodzi wautali kumpoto, pafupi ndi njanji. Unandisowetsa mtendere kuyambira gawo lachisanu. Akasinja kapena bodza chabe? W. ankaugogoda ndi chala n'kumamwetulira.

Ndinatenga kachitsulo kathu konyamulira timakadi, kaja kozulira nsidze komwe W. anabera mkazi wake chaka chomwe Nermine anayamba sukulu. Ndinakasendeza pa muluwo. Dzanja linakana.

Nermine anandipeza choncho. Wabwera kuchokera ku Cairo kudzathandiza amayi ake.

"Amalume, mwaima pamenepo ngati mukudikira sitima ya mumsewu. Chavuta n'chiyani?"

Ndinamufotokozera za lamulo.

"Adadi anapita, amalume. Akukwiyirani ali kuti? Tukulani muone."

"Inali nthawi yake yosuntha, mwana wanga."

Anandiyang'ana mwachisoni, ngati mmene umayang'anira munthu amene wayamba kuiwala dzina lake. Amayi ake anabweretsa khofi wopanda shuga, osayang'ana patebulo n'komwe. "Lachitatu madzulo likhale lopanda kanthu," anatero, n'kutuluka. Sindiwada. Zaka zonsezi akhala akudyera pa maondo sabata zathunthu chifukwa cha ife.

China: kakadi kamodzi koyera kopanda chilembo kali pamalo pake, kokha, kum'mwera kwa msewu. M'bokosi lililonse mumakhala totere tingapo tosinthira totayika. W. ankaika kamodzi pamenepo nthawi zonse tikamasewera Alamein. Ndikafunsa, ankati, "Kasiye. Sikakuombera."

Lolemba, 14 Januwale

Ndadutsa ku msewu wa Nabi Daniel kukafuna buku lina, miyendo n'kungonditengera pa benchi ya a Shehata, ogulitsa mabuku akale.

Mpomwe zinayambira. Ine ndinkafufuza ndakatulo zakale, munthu wina wamtali ankakoka bokosi lonyowa m'mphepete pansi pa mulu wa magazini. Linachokera m'nyumba ya Mgiriki wina womwalira. Wamtaliyo sankadziwa Chingerezi chokwanira kuwerenga malamulo, ine ndinalibe tebulo lalikulu. Anandicheukira: "Bambo, mumawerenga zilembo za azungu? Ndili ndi tebulo." Ubwenzi wonse unayamba ndi mawu amenewo.

Tinapangana kuti sewero lisamadule kuposa nsomba yokazinga ya anthu awiri. Tikamva za ena oitanitsa mabokosi atsopano kunja, W. ankati nkhondo ya olemera ilibe fungo. Athu ankanunkha nkhungu. Ena opanda dayisi, ena kabuku ka malamulo katadyedwa ndi mbewa tsamba lomaliza, ife n'kupeka tokha mmene munthu apambanire.

A Shehata akalamba, koma maso akadali akuthwa.

"Aphunzitsi! Mwasowa ngati nyama m'mphika wa mphawi. Ndakusungirani katundu." Anatulutsa bokosi la nkhondo ya zombo za matanga. "Nanga mlongoti uja ali kuti? Akuopa kudzanenerera mtengo?"

Ndinawauza.

Anavula magalasi, n'kupukuta chivundikiro cha bokosilo ndi dzanja la malaya, nthawi yaitali. "Mulungu amuchitire chifundo. Ankandibera, koma mwaulemu." Kenako: "Litengeni, musalipire."

Ndinaloza pambali pa bokosi pomwe palembedwa kuti osewera awiri.

"Ndiye ndilisunga," anatero, n'kulibwezera pansi pa benchi.

Ndinabwerera wapansi m'mbali mwa nyanja. Mafunde akudumpha khoma. Ndakhala ndikulemba m'nyuzipepala za zinthu zimene mzinda uno wataya, mabafa akale, masinema, mitengo. Za ichi sindikupeza poyambira.

Lachiwiri, 15 Januwale

Mvula tsiku lonse. Sindinapiteko. Mvulayo ndi chonamizira.

Lachitatu, 16 Januwale

Ndilembe zonse ndisanaiwale.

Ndinafika itangokwana teni m'mawa, nditatsimikiza mtima: nditukula milu, ndilemba, ndilongedza. W. andikhululukire.

Nyumba inali piringupiringu. Mipando yobwereka m'khonde, fungo la anyezi. Nermine anali atachotsa makapu aja ndi mbale ya phulusa kukatsuka, osadziwa ntchito yake. Ndikuvula jekete, iye anatsegula chitseko cha pakhonde loyang'ana kunyanja kuti fungo la fodya lituluke alendo asanabwere.

Mphepo inalowa kamodzi kokha. Mapu anadzuka ngati nsalu pachingwe, n'kupindika. Timakadi tonse balala, pansi pa mipando, pansi pa kabati, tina m'nsapato zanga pakhomo.

Nermine anagwira pakamwa. "Amalume, pepani, pepani, sindinadziwe!"

Ndinati palibe kanthu. Ndinagwada n'kuyamba kutola, ndikuponya m'bokosi mosasankha. Zoona zake, mtima wina unapepuka. Sindinabere, ndipo palibenso choti ndibere. Tebulo linali lopanda kanthu monga mwini wake anafunira.

Mayi a Nermine anatuluka kukhitchini, manja ali ndi ufa. Anayang'ana tebulo. Ndinkayembekeza kuti anena kuti Mulungu watithandiza.

"Mukuchita chiyani, a Fikri?"

"Ndikulongedza, mlamu."

"Musasakanize. Yalani pepalalo. Nermine, bweretsa makapu aja."

Anasamba m'manja, n'kupukuta bwinobwino. Tinatola tonse atatu, titagwada. Ine ndinabwezera Angerezi anga poyang'ana m'kope. Nditamaliza ndinati za Wadie sizingatheke, chithunzi chili ndi apamwamba okha.

Anatenga kachitsulo kaja. "Aka ndi kanga, mukudziwa?" Kenako: "Tembenukani. Yang'anani kukhoma. Si paja simuloledwa kuona?"

Ndinatembenuka. Kumbuyo kwanga ndinkamva akudziyankhulira motsitsa. "Dzira, dzira, envulopu. Envulopu yobiriwira pansi. Uyu wong'ambika ngodya amakhala pa banga la tiyi." Akasinja amajambulidwa ngati dzira, asilikali oyenda pansi ngati envulopu. Sindinawauzepo zimenezo. Nermine anafunsa chimene ine ndinalephera kufunsa: "Amayi, mukudziwa bwanji?"

"Fumbi ukuganiza ankapukuta ndani? M'mawa uliwonse chichokereni abambo ako. Mulu umodziumodzi, kutukula, kupukuta, kubwezera monga unalili. Zala zake zinathera pamenepa. Ndikanasiya fumbi lizikwirire?"

Khoma lili ndi chithunzi cha ukwati wawo. Ndinachiyang'ana mpaka chinayamba kusungunuka.

Panatha pafupifupi ola. Atandilola kucheuka, zonse zinali m'malo. Ndinafananiza ndi foni, apamwamba onse ndendende. Mulu wakumpoto uli njo pafupi ndi njanji, wautali ngati kale.

"Katsala kamodzi," anatero. Nermine anakapeza kuseri kwa mwendo wa kabati, kakadi koyera kaja. Amayi ake anakaika kum'mwera kwa msewu, osazengereza.

Ndinati, "Mlamu, kameneka n'chiyani? Sanandiuzepo."

"Apongozi anga. Ankayendetsa lole ya nkhuyu. Anaima pamenepa, anatsika, anayenda mapazi ochepa kuchoka mumsewu, n'kuponda bomba lokwirira la nkhondo yanu yomweyi. Patapita zaka makumi awiri ndi zisanu nkhondoyo itatha. Wadie anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri." Anawongola kakadiko ndi nsonga ya kachitsulo. "Ankati pa mapu onsewa pali Angerezi, Majeremani, Mataliyana, koma palibe munthu wa kuno ngakhale mmodzi. Ndiye anaikapo."

Ine ankangondiuza kuti bambo ake anafa pa ngozi ya pamsewu. Kangati ndadutsitsa akasinja anga pambali pa kakadi kameneka, ndikudandaula kuti kakunditchinga?

Nermine anati, "Nanga alendo mawa, amayi? Adyera pati?"

"Pa maondo. Ine ndadyera pa maondo zaka makumi awiri, sindinafe."

Anakoka mpando wa W., n'kukhalapo. Sindinawaonepo atakhala pa mpando umenewo. Anayang'ana mapu nthawi yaitali, kenako analoza mulu wakumpoto.

"Uwu ankaukonda. Ukafuna kumenya awa anuwa, umatani?"

Ndinati amausendeza malo awiri, kenako amaponya dayisi. Koma pomenya ayenera kundionetsa zili pansi.

"Mudikire kaye," anatero. Anausendeza okha, pang'onopang'ono, osaugwetsa. Kenako anauyala. Mazira anayi. Silinali bodza.

Ndinawapatsa dayisi. Anaiponya. Inagubuduka n'kukaima pa mbale ya phulusa. Zisanu.

"N'zabwino kapena zoipa?"

Ndinayendetsa chala pa tchati cha zotsatira.

"Kwa ine n'zoipa kwambiri, mlamu."

"Chabwino," anatero, n'kusendeza mpando pafupi ndi tebulo. "Nermine, kazimitse moto wa anyezi. Kenako chiyani, Ajenerale?"