Apongozi a M'foni ya Amayi

Muloza, Mulanje
9 Epulo 2018

Achimwene a Jailosi,

Ayi, amayi sanakukwiyireni. Ndayamba ndi yankho la funso lanu chifukwa ndikukudziwani, moni mumangomudumpha. Koma moni ndi ameneyu: muli bwanji ku Joniko? Chifuwa chija chinatha? Kuno tili bwino, mvula yokha ndi imene ikukana kusiya, phiri sitinalione sabata yonse.

Kalatayi ndapatsira a Elson a pabasi. Ndalemba papepala dala, chifukwa pa foni mukanandidula ndisanamalize.

Mukukumbuka pa Khirisimasi, mutawabweretsera amayi foni ya tachi ija? Munakhala pakhonde mukuidinadina, n'kunena kuti mwaimangirira ku netiweki ya ku Malawi yokha. Ine ndinkangoti mukudzionetsera za ku Joni. Pangano lanu linali loti m'mawa uliwonse amayi azikwera kachitunda ka m'munda wa tiyi, pamene netiweki yathu imagwira, n'kukufulashani kamodzi, kutanthauza kuti tadzuka. Inu n'kubweza kamodzi.

Achimwene, foni ija ndinaitenga ine.

Ku koleji manotsi onse amabwera pa Watsapu, ndipo kafoni kanga kamabatani 4G sikaidziwa n'komwe. Ndinawauza amayi kuti ya tachi ndi yovuta, iwathera maso. Ndinachotsa simu khadi yawo n'kuika mu kafoni kanga. Timizere ta netiweki tinadzaza m'nyumba momwemo, tonse tinayi! Amayi kusangalala kwake, akuti Mulungu wamva kulira kwa mawondo awo, zokwera chitunda zatha. Ine n'kunyamuka wa ku Blantyre ndikudziona ngati mwana wothandiza.

Munkandifunsa kuti bwanji amayi asiya kufulasha, bwanji nambala yawo sikupezeka. Ine n'kumangoyankha kuti ndi netiweki, osaganiza n'komwe. Kenako munalemba zija zoti mwina akusungabe mawu amene munayankhana tsiku lonyamuka, atakupemphani kuti musabwerere ku Joni. Munati ngati akutayani, nanunso mwasiya.

Ndafika Lachinayi ku holide. Lachisanu m'mawa ndikumva amayi kuchipinda akupereka "bondiya", moni wa Chipwitikizi uja amapatsana ndi amalonda a ku Milanje, tsidya la ku Mozambiki. Kusuzumira, foni ili kukhutu, akumwetulira. Akufunsa kuti mwadzuka bwanji apongozi, nanga amuna anu adya?

Ndinawafunsa kuti apongozi ake atinso. Anandikokera pakama n'kundinong'oneza kuti mwakwatira! Akuti atafulasha sabata ziwiri osabwezedwa, tsiku lina analimba mtima osadula, ndiye anayankha ndi mayi woyankhula Chipwitikizi. Kuyambira pamenepo amayankha ndi yemweyo. Akuti mawu ake ndi aulemu, kungoti ndi wamanyazi, amanena zake zomwezomwezo n'kudula.

Iwo anaganiza kuti simunawauze poopa kuti akana mkazi wa ku Mozambiki, chonsecho agogo athu anachita kuwoloka Muloza yemweyu. Ndiye anati amuzoloweze pang'onopang'ono, tsiku lina manyazi akadzatha adzakupatsirani foni.

Kenako anatsegula sutikesi. Muli chitenje chatsopano chobiriwira ndi paketi ya tiyi. Za apongozi.

Ndinaseka, achimwene, sindinama. Koma kuseka kuja sikunathe bwino.

Ndinathamangira ku Limbuli kwa mayi Marjory okonza mafoni. Anangoyang'ana dzina la kampani pamwamba pa sikirini n'kundifunsa ngati ku kolejiko ndimalowadi m'kalasi. Akuti nyumba yathu ili kunsi, nsanja ya ku Malawi yabisika kuseri kwa chitunda, pomwe ya tsidya lina ikutiyang'ana maso ndi maso. Foni yosamangirira imangothamangira yamphamvuyo. Timizere tinayi tija tinali ta ku Mozambiki! Simu ya amayi siloledwa kuimba kapena kulandira kumeneko, ndiye apongozi aja ndi mawu ojambulidwa, ongonena kuti foni yanu siingapite. Miyezi itatu palibe kufulasha ngakhale kumodzi kumene kunakufikani.

Ndinawauza amayi zonse, ndikudikira kuti andikalipire. Iwo anangofunsa kuti ndiye nthawi yonseyi mwana wawo amadzuka wopanda womuuza kuti kwanu tadzuka? Za ine sananenepo kanthu. Bola akanandimenya.

Foni ya tachi ija ndawabwezera, simu yabwerera m'malo mwake. Loweruka, Lamulungu ndi lero akwera kuchitunda, m'matope, ndi mawondo aja, n'kufulasha. Amaimirira mpaka otchola tiyi afike ndi madengu awo, foni ili m'manja. Simunabweze. Potsika amanena okha kuti mwina muli pantchito.

Lero ndinawaperekeza. Tili m'njira ndinayesa kuwaseketsa, ndati chitenje chija andipatse ine poti mwini wake ndi makina. Akana, akuti chidikira mwini wake weniweni. Kenako anati mayi uja amusowa pang'ono. Akuti kaya anali makina kaya chiyani, koma m'mawa uliwonse ankayankha.

Chonde achimwene, mkwiyo wonsewo ndipatseni ine, ndi wanga. Munditukwane, musandiyankhule mpaka Khirisimasi, ndivomera. Koma kukacha mutalandira kalatayi, sikisi koloko foni yanu ilira kamodzi. Musangobweza ayi. Imbani, ndipo musadule msanga.

Mundiperekere moni kwa a Pilato ndi onse a kwathu amene mukukhala nawo. Ngati apongozi enieni alipo, nawonso moni, chitenje chawo chilipo kale.

Mulungu akusungeni ndi kukufewetsani mtima.

Ndine mlongo wanu wolakwa,
Millie