Upile Sanapite ku Ntcheu

Chinsapo 2,
Lilongwe.
20 Okutobala, 2024.

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana onse kumeneko ku Lizulu. Kuno tili moyo, kungoti dzuwa la chaka chino latiwotcha zedi. Musadabwe kuti m'masiku ano a mafoni ndatenga pepala ndi cholembera ngati mwana wa sukulu. Ndayesa katatu kujambula mawu pa foni, katatu konseko ndafufuta. Pepala lili ndi ubwino wake, silimva munthu akamalira.

Mukukumbukira tsiku lija munandiimbira mu Ogasiti, mutakumana pa msika ndi mayi wina wa kuno wodzapikula mbatata? Anakufunsani kuti mwana wanga Upile akupeza bwanji kwanuko. Inu munadabwa, n'kundifunsa kuti nkhani yake ndi yotani. Ine ndinati netiweki ikuvuta, ndinadula. Netiweki inali bwinobwino, Achemwali, wovuta ndinali ine. Ndinali nditauza Chinsapo yense kuti Upile ali kwa inu ku Ntcheu, chonsecho mwanayo anali kuseri kwa chitseko chimene ndinatsamira polankhula nanu.

Ndiyambe poyambira. Mukudziwa kuti bambo ake, a Lucious, atagonekedwa m'chipatala, amene ankawadikirira anali Upile, poti ine ndikanasiya benchi langa la tomato tikanadya chiyani? Masabata asanu ndi limodzi mwana wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi akugona pansi pambali pa bedi, akuwamwetsa phala, akuwatembenuza. Tsiku limene anatisiya, mu Febuluwale muja, anali nawo yekha. Pamaliro munaona nokha, sanagwetse msozi ndi umodzi womwe. Amayi a chigwirizano ankangoti, "Mwana wolimba mtima uyu, mayi a Upile munabala." Ine n'kumanyadira, chitsiru ine.

Pofika mu Juni anasiya kupita kukwaya. Kenako anasiya kundithandiza pa benchi, kenako kusamba komwe. Ndikamuikira chakudya ankangochiyang'ana mpaka chizizire. Pakamwa panga mumapadziwa, sindinamusiye. Ndinati ndi ulesi, ndinati ndi matama, ndinamufunsa kuti anzake akuphunzira kusoka, iye akufungatira mazira anji pamphasapo. Ankangotembenukira kukhoma. Tsiku lina m'mawa ndikusesa m'nyumba, anangoti chapansipansi, "Amayi, bwenzi tsiku lija atanditengera limodzi ndi adadi." Tsache linandigwa m'manja.

Pamenepo mayi wanzeru akanathamangira kuchipatala, kapena kwa anthu. Ine ndinakumbukira malume athu a Pemphani, mmene anawamangira zingwe popita nawo ku Zomba, ndi mmene ana a m'mudzi ankatiimbira popita kuchitsime kuti kwathu ndi kwa amisala. Papita zaka makumi atatu koma nyimbo ija ikanali m'makutu mwanga. Ndinati ayi, mwana wanga sadzaimbidwa nyimbo. Ndinanyamula ndowa kupita pa kiyosiki, pomwe nkhani za kuno zimatungidwa limodzi ndi madzi, n'kunena mokweza kuti Upile wapita ku Ntcheu kukapitidwako mphepo kwa amayi ake aakulu.

Bodza lili ndi ntchito yambiri, ndaona. Munthu woti ali ku Ntcheu sangaoneke akupita kubafa, ndipo pa puloti pathu pano bafa ndi chimbudzi timagwiritsa ntchito mabanja asanu. Ndiye ndinamuikira ndowa kuchipinda. Zovala zake ndinkayanika m'nyumba. Zenera lake ndinatchinga ndi chitenje. Popita kukapikula tomato ndinkakhoma loko kunja, kuti wodutsa aliyense aone kuti m'nyumbamo mulibe munthu. Werenganinso pamenepo, Achemwali, musandichitire chifundo msanga. Mwana amene anandiuza kuti moyo sakuufunanso, ine mayi ake ndinkamusiya yekha, loko ali kunja. Pobwerera ndikatsika minibasi ndinkathamangira pakhomo, osadziwa kuti ndipeza zotani. Ndinkati Mulungu yekha ndiye akundisungira mwanayu.

Palinso china choipa kuposa apa. Mukudziwa chimene anthu a m'tauni amaganiza mtsikana akatumizidwa kumudzi mwadzidzidzi. Sabata lisanathe ndinamva kuti Upile ali ndi pakati, ndakamubisa kwa inu. Ena anapeza ndi mwini mimba yemwe, mnyamata wa kabaza woti mwana wanga sanayambe wamupatsapo moni. Mayi wina anandifunsa pa kiyosiki akuseka, "Nanga matewera tigule liti, agogo?" Ine ndinangomwetulira. Ndinamwetulira, Achemwali! Ndinaona kuti kuli bwino amunamizire mimba kusiyana n'kuti adziwe kuti wadwala maganizo. Pa zonse zimene ndinachita, ichi ndi chimene chimandidya mtima.

Nyumba yathu mukuidziwa, ndi ya mdadada. Khoma timagawana ndi a Salama, mayi a Chisilamu a ku Mangochi ogulitsa usipa aja, amene anakubwerekani mkeka pamaliro. Mwana wawo Zulekha, wamkulupo pang'ono kwa Upile, amaluka anthu tsitsi pakhonde. Ndinkadziwa kuti Lachitatu lililonse masana amasonkhana ndi achinyamata anzake pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa kiliniki, komanso kuti anamwino anamuphunzitsa kumvetsera anzake amene maganizo awalemera. Ine ndinkati ndi macheza a ana osowa chochita.

Tsiku lina masana Zulekha anabwera ndi kampando ndi lichero la nyemba, n'kukhala pakhonde langa, pansi penipeni pa zenera la Upile.

"Amayi, kwathu kuli dzuwa, ndisankhireko nyembazi pamthunzi panu pano. Upile akupeza bwanji ku Ntcheu?"

"Ali bwino," ndinatero.

"Mukamuimbira mumuuze kuti ndamusowa heve. Mumuuzenso kuti kwaya yawo ija chichokereni iye ikungoimba zosokonekera. Ngakhale ife a kumzikiti tikumva kuti pali chimene chasowa."

Ankalankhula mokweza kuposa mmene munthu amalankhulira ndi amene wakhala naye pafupi. Mawa lake anabweranso, mkuja wake chimodzimodzi. Masabata atatu osajomba, lero nyemba, mawa mtedza. Sanagogode, sanasuzumire, za loko sanafunse. Ankangondipatsa mauthenga opita ku Ntcheu: kuti galu wa alandilodi waswa ana asanu ndi mmodzi, kuti mango achita maluwa ambiri chaka chino, kuti ujeni wakwatiwa ndipo mbuzi ya paukwati inathawa. Ine ndinkapsa mtima cham'kati, koma munthu wongosankha nyemba pamthunzi ungamuthamangitse bwanji?

Ndiye Lachiwiri lina anaika lichero pansi. "Amayi, lero mumuuze ichi. Achimwene anga a Yaseen atamwalira pangozi, tisanasamukire kuno, ine ndinakhala miyezi isanu ndi iwiri kuchipinda, osasamba, osafuna kuona dzuwa. Ndinkaganiza kuti bola ndingofa. Sikunali kupenga, sunali ulesi, anali matenda, ndipo thandizo lake lilipo. Mumuuze kuti asadikire kuti achire kaye ndiye atuluke. Atuluke mmene alirimo, tikhala naye."

Kenako kuseri kwa chitenje chija kunamveka mawu amene ine mayi ake ndinali nditatha masabata osawamva.

"Zule, unkagona tulo?"

"Ayi mnzanga, ndinkangoyang'ana malata."

"Inenso."

Ndipo analira. Misozi ya maliro a mu Febuluwale inatuluka mu Seputembala, mokweza, puloti yonse ikumva. Ine ndinangokhala pansi padothi pomwepo. A Salama anatuluka m'nyumba mwawo, anandigwira paphewa, nati, "Mayi a Upile, khoma lathuli ndi la njerwa imodzi. Mwana wanu akakhosomola timamva, kuyambira tsiku loyamba. Tinkaopa kukufunsani, kuti mwina ndi manyazi mungakhomerere ndi zenera lomwe." Anandiuzanso kuti masiku onse amene ndinkakhoma loko, iwo sankachoka pakhomo ine ndisanabwere. Usipa ankapita nawo kumsika mochedwa, makasitomala atagula kale kwa ena. Ankakhala chotsamira khoma lija kumvetsera, hamala ya amuna awo, a Shaibu, ili pafupi, kuti akamva chachilendo aphwanye loko. Paja ndati Mulungu yekha ndiye ankandisungira mwana. Anali Mulungu ndi a Salama.

Mukanaganiza kuti ndinaphunzirapo, koma mutu wangawu ndi wouma. Ndinakonza zoti tidzalawire anthu asanadzuke ndi chikwama, tikagule mbatata ndi kabichi m'tauni, masana tidzatsike minibasi ngati tikuchokera kwa inu. Nditamuuza zimenezi, Upile anati, "Amayi, ine sindinapite kulikonse. Ndatopa naye Ntcheu wanuyo."

Lachitatu lake, dzuwa lili paliwombo, anakasamba kubafa la anthu onse, anavala diresi limene tsopano likumukulira, natuluka kupita ku gulu la pansi pa mango lija, Zulekha ali pambali pake. Njira ya kukiliniki imadutsa pa kiyosiki pomwe paja. Azimayi anaiwala kutseka mpopi, ndowa zikusefukira. Maso onse anali pamimba pake, pomwe panalibe kanthu, munthu mafupa okhaokha. Ine ndinkabwera m'mbuyo, ndikulakalaka nthaka itang'ambika ndilowe. Koma nditaona mwana wanga akuyenda pakati pa maso amenewo chifukwa cha bodza langa, ndinaima.

"Amayi anzanga, ndinakunamizani," ndinatero. "Upile sanapite ku Ntcheu, ndipo alibe mimba. Akudwala maganizo chimwalirireni bambo ake, ine ndinamutsekera m'nyumba chifukwa cha manyazi. Ngati pali woti mumuseke, ndine."

Palibe anaseka. Sindikunena kuti onse anasanduka angelo, ena akutinena mpaka lero, pakamwa pa anthu sungapasoke. Koma madzulo ake mayi uja wa matewera anafika pakhomo panga, akupotokola nsonga ya chitenje, nafunsa monong'ona kuti gululo limakumana nthawi yanji. Ali ndi mwana wake wamwamuna amene wasiya kulankhula ndi anthu chilephereni mayeso.

Musaganize kuti ndikukulemberani kuti wachira. Anamwino anamuona, anamupatsa mankhwala, ndipo amabwererako mwezi ndi mwezi. Lachitatu sajomba. Zimene amakambirana pansi pa mtengo paja sindizidziwa, lamulo lawo ndi lakuti za pamenepo zimatsala pomwepo, ndipo ine wokonda kufunsafunsa ndikuphunzira kugwira pakamwa. Masiku ena amadzuka n'kundithandiza kuunjika tomato, dzulo mpaka anakangana ndi kasitomala wofuna basera wambiri, ine ndikusekera mumtima. Masiku ena sadzuka, maganizo aja amabwereranso, ndipo mantha anga sanathe. Kusiyana kwake ndi kwakuti tsopano amanena, ndipo akanena ine ndimagogoda khoma la a Salama, Zulekha n'kubwera. Loko uja ndinawapatsa a Shaibu, akukhomera bokosi lawo la zipangizo.

Ngati wandikhululukira sindikudziwa. Ndinamupepesa tsiku lina tikutsuka mbale, iye anangoti, "Ndamva, amayi." Sindimukakamiza. Iye anadikira miyezi iwiri kuseri kwa chitseko, ine ndidikira nthawi iliyonse imene angafune.

Tsono ndili ndi zopempha zitatu. Choyamba, mundikhululukire pogwiritsa ntchito dzina lanu ndi nyumba yanu pa bodza langa. Chachiwiri, mukabwera pa Khirisimasi musadzamuuze kuti alimbe mtima. Ndikudziwa kuti mawuwo timanena mwachikondi, koma ndi omwewo anam'tseka pakamwa pamaliro. Mudzangokhala naye pansi, ngakhale osalankhula kanthu, nyemba zosankha sizisowa. Chachitatu, mvula isanayambe mukalambuleko pamanda a malume a Pemphani. Masiku ano ndimawaganizira kwambiri. Anali malume athu otibweretsera nzimbe, koma atadwala tinkawazemba panjira, ndipo anapita popanda wokhala pansi pa zenera lawo.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa mwana wanu Dan ndi azing'ono ake, ndi onse otifunsa. A Salama akuti mkeka uja ulipo, mudzaupeza. Miyezi yonse ija ndikamati pa foni Upile akupereka moni, ndinkapeka ndekha, iye osadziwa n'komwe kuti mwaimba. Lero ndamuwerengera kalata yonseyi, za loko ndi za matewera zomwe, osadumpha mzere. Ndamufunsa ngati ndiikepo moni wake. Wati ndisamulembere ine. Ndasiya mpata m'munsimu, cholembera ndamupatsa.

Ndine mng'ono wanu,
Jemima.

Amayi aakulu, moni. Ndine Upile. Ndili kuno ku Chinsapo, ndakhala pakhonde, chitseko n'chotsegula. Ku Ntcheu ndidzabwera ndithu, ulendo weniweni, mundisungire mbatata.