Moni Wochokera ku Joni

Mudzi wa Kamphulu,
Chamama,
Kasungu.
30 Disembala, 2009.

Okondedwa abambo a Tiyamike,

Landirani moni m'dzina la Ambuye amene tangokumbukira kubadwa kwake. Kodi muli bwanji kumeneko? Kaya thupi likukulolani, kaya ntchito mukuipeza? Ngati muli bwino, tithokoze Mulungu.

Ife kuno tilipo. Tiyamike wakula, wandifika paphewa, moti mutakumana naye pamsika mungamufunse kuti ndiwe mwana wa yani. Amayi anu miyendo ndi ija mukuidziwa, maso nawonso ayamba kuchita chifunga, koma kutchalitchi sajomba.

Mvula inabwera bwino. Fodya ndinawoka kumayambiriro kwa mwezi uno ndipo wagwira, ngakhale ndi kamunda chabe poyerekeza ndi muja munkalimira inu. Kuponi inatuluka imodzi, feteleza tinachita kugawana pabeseni ndi achemwali anu. Chigafa chagwa mbali ya kumadzulo, ndikufunafuna mitengo ya mphanda fodya asanafike pothyola. Izi ndangonena kuti mudziwe, sindikupempha kanthu.

Mu envulopu muno mupezamo makalata awiri. Inayo, yachidindoyo, ndi yochokera ku mpingo. Chonde muyambe mwawerenga yangayi, apo ayi muganiza kuti mpingo wonse wakwanu kuno wazungulira mutu. Akukuthokozani chifukwa cha makalata atatu amene mwakhala mukuwalembera nyengo ya Khirisimasi. Inu mukudziwa kuti simunalembepo ngakhale imodzi. Ndinalemba ndine.

Mwambo wathu uja simunauiwale. Lamulungu lotsatira Khirisimasi, alembi akatha zolengeza, amawerenga moni wa akhristu amene ali kutali. Uyu ali ku Lilongwe, uyu ku Tete, uyu ku Joni. Amene wake watchulidwa amaimba nthungululu, anzake n'kumamuyang'ana ngati wavala chitenje chatsopano.

Chaka choyamba mutachoka munatumizadi moni kudzera pafoni ya aphunzitsi, ndipo ndinaimba nthungululu mpaka kukhosi kuwawa. Chaka chachiwiri, zii. Ndinakhala pabenchi ndikumva mayina a amuna a anzanga, lanu osamveka. Potuluka, amayi Lefina a m'Chigwirizano anandigwira dzanja ndi chifundo chawo chobaya chija. Anandifunsa ngati makolo kwathu ku Kapelula akadalipo. Ati mkazi wa pachitengwa mwamuna akasowa amasanduka mlendo, ndipo mlendo sachedwa kuonetsedwa njira.

Mawu amenewo ndinakhala nawo chaka chathunthu. Khirisimasi ina itayandikira ndinang'amba pepala pakati pa kope la Tiyamike. Ndinalemba zilembo zikuluzikulu zopendama, kutengera zanu zija. Ndinati moni ku mpingo wonse, moni kwa amayi, Tiyamike azimvera amake ndipo azilimbikira masamu. Pansi ndinalemba dzina lanu, Raymond. Ndinalipinda pepalalo n'kuyenda nalo m'chikwama masiku atatu kuti lide, lioneke kuti lachokera kutali.

Zinatheka bwinobwino. Amayi anu analira ndi chimwemwe. Amayi Lefina anandipatsa moni wa manja awiri. Tiyamike anapita yekha kwa alembi kukapempha pepalalo, n'kulisunga m'Baibulo langa.

Ndinadziuza kuti ndi kamodzi kokha. Koma bodza lili ngati nazale ya fodya, silifuna kudumphitsa tsiku lothirira. Anthu ankafunsa za inu pachitsime, kuchigayo, kumaliro, ndipo ine ndinkayankha. Ndinakupezerani ntchito ya ulonda. Ndinakupezerani mpingo. Mpaka ndinakulowetsani kwaya, inuyo amene nyimbo imakuthawani pa ndime yoyamba!

Ndisakubisireni, ndinayamba kumukonda Raymond wa m'makalatayo. Ankafunsa za chigafa. Ankadziwa kuti mwana anadwala malungo mu Malichi. Ankandithokoza pagulu chifukwa chosamala amayi ake, chinthu chimene inu simunachitepo ngakhale tili awiri. Alembi akamawerenga ndinkaiwala kuti mawuwo ndi anga omwe, misozi n'kumatuluka yeniyeni. Kusungulumwa ndi matenda, abambo a Tiyamike. Munthu amafika podzilembera yekha kalata n'kumaidikira.

Tsopano ndikuuzeni za Lamulungu lapitali.

Pa Khirisimasi penipeni kunabwera abusa, tchalitchi chinadzaza mpaka ana kukhala m'mawindo. Koma patangopita masiku awiri, mukudziwa mmene zimakhalira. Ena anali kumunda kubandira, ena ku Chamama kukasunga malo pamzere wa feteleza, ena mitu ikadali yolemera ndi zakumwa za pachikondwerero. Mbali ya abambo munali mabenchi awiri okha. Timapepala tokongoletsa tija tinali titanyowa ndi kudontha kwa denga, utoto wake ukutsetsereka pakhoma.

Chimene sindinadziwe n'chakuti a Zakeyo, asuweni anu, anafika kuchokera ku Joni Loweruka, basi yawo itachedwa pachipata. Ndinawaona nditapereka kale kalata yachitatu kwa alembi. Anali atakhala kutsogolo, atavala jekete lachikopa kunja kukutentha chonchi.

Alembi anawerenga. Chaka chino ndinakulembetsani kuti mumatipempherera m'mawa uliwonse, ndipo Mulungu akalola mubwera chaka chamawa. Amayi anu anaimba nthungululu ndi kamawu kawo konjenjemera. Ine ndinaimbanso, nanga ndikanatani? A Zakeyo anangoweramitsa mutu n'kumayang'ana nsapato zawo.

Amene analalikira ndi a Alick Mwale, akulu a mpingo aja munkasekana nawo kuti salalikira osatchula khasu. Anawerenga za Yosefe, pamene anauzidwa kuti atenge mwana ndi amake athawire ku Iguputo. Ati Khirisimasi imatha. Ati abusa aja anabwerera ku nkhosa zawo, anzeru akum'mawa anabwerera kwawo, angelo nawo analeka kuimba. Anatifunsa kuti onsewo atapita, anatsala ndi mwana ndani? Ati chikhristu chenicheni sichioneka pa 25 mpunga uli m'mbale, chimaoneka pa 27 miphika itatsukidwa, munthu atabwerera ku khasu lake.

Ulaliki unali wabwino, ndipo unandifika pamtima. Ndinali nditayamba kupuma bwino, pamene anavula magalasi n'kutchula dzina lanu.

Ati amuna ambiri a dera lino akangowoloka malire amaiwala ngakhale mayina a ana awo. Ati koma ife tili ndi Yosefe wathu, Raymond, amene thupi lili ku Iguputo koma mtima uli pa mwana ndi amake. Anauza anyamata kuti atengere chitsanzo. Kenaka analoza a Zakeyo, ati popeza Mulungu watipatsa mboni yoona ndi maso, aimirire atiuze mmene mbale wathu akutumikirira kumeneko.

Abambo a Tiyamike, ndinapemphera kuti pansi pang'ambike. Mwana anali pambali panga, atandigwira chala, nkhope ikuwala.

A Zakeyo anaimirira pang'onopang'ono. Anakonza kukhosi kawiri. Anati, "Eya, timaonana nawo. Ali moyo, akuyenda." Basi, anakhala pansi. A Mwale anadikira kuti mwina pabwera zina, koma sizinabwere, ndiye anangoyambitsa nyimbo. Pomaliza mpingo unagwirizana kuti ukuyankheni, popeza wonyamula kalata wapezeka.

Panja aliyense anabwera kudzandigwira chanza. Ati ndinu odala mayi, ati mwamuna wotere ndi wosowa. Sindinakhalepo ndekha ngati tsiku limenelo, pakati pa manja onsewo.

Lolemba a Zakeyo anandipeza kumunda wa fodya ndikuthira feteleza. Ananjuta kumapeto kwa mzere, n'kuyamba moni wautali wofunsa mpaka nkhuku. Nditawauza kuti angonena, anati, "Alamu, ine m'nyumba ya Mulungu sindinafune kunama, komanso sindinafune kukuvulani pagulu." Anati zilembo zanu amazidziwa, koma ngakhale osaona pepalalo, mawu aja anadziwiratu kuti si anu.

Kenaka anandiuza zonse. Akuti mumagwira kwa omanga nyumba. Akuti mukukhala ndi mayi wina dzina lake Consolata, ndipo pali mwana wamwamuna amene wayamba kuyenda. Akuti kutchalitchi simupondako. Ndinawafunsa ngati munawapatsa mawu aliwonse a kumudzi. Anakanda kumutu, ati munangoti akatiuze kuti muli bwino, ndipo ngakhale amenewo anachita kukukumbani.

Ndinapitiriza kuthira feteleza mpaka mzere unatha. Pamaso pa asuweni anu sindinalire. Ndinakalirira kuseri kwa chigafa chakugwacho.

Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Koma inu mwasankha phanga lanu ndipo mwauma bwinobwino, amene wavumbwa ndine. Ndakwiya, ndipo sindikubisa. Za mayiyo, zoterezi ndaziona kwa anzanga ambiri, sindine woyamba. Chimene chikundiwotcha n'chakuti zaka zinayi dzanja lanu lakhala likunyamula njerwa za eni, koma cholembera chokha ndiye chakulemerani.

Komabe kalata ino si yoweruza inu nokha. Ine ndanamiza mpingo katatu, m'nyumba ya Mulungu, nditavala zoyera. Ndachititsa munthu wamkulu ngati a Mwale kulalikira bodza ali paguwa, iwo akuganiza kuti akudyetsa nkhosa. Ndaimbitsa amayi anu nthungululu zopanda mwini. Pa zimenezi simunandituma ndinu.

Kalata ya mpingoyo alembi anabwera nayo dzulo kuti ndiike pamodzi ndi yanga. Ndikanatha kuiponya pamoto. Ndaitumiza dala, kuti muwerenge, muone munthu amene kwanu kuno akumukonda ndi kumupempherera m'dzina lanu.

Lamulungu likubwerali, zolengeza zikatha, ndiimirira. Ndinena ndi pakamwa panga kuti makalata aja anali anga. Ndikudziwa chotsatira. Andiitanira kubwalo la akulu a mpingo, mwina andiimitsa Mgonero, mwina andivula yunifolomu ya Chigwirizano. Amayi Lefina apeza ndiwo ya mwezi wathunthu. Abale anu akafuna kundionetsa njira ya ku Kapelula, andionetse, koma fodya wanga ndiyamba ndathyola. Za Consolata sindikazinena paguwa, imeneyo ndi nkhani yanu. Amayi anu ndiwauza mawa, ndekha, asakamvere pagulu.

Amene ndinkamuopa kwambiri ndi mwana. Ndamuuza dzulo masana tikusenda mitengo ya chigafa. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi mapepala atatu aja, n'kuwayala pamwendo. Anandifunsa kuti amene anati azilimbikira masamu ndi ndani. Ndinati ndine. Anafunsa kuti nanga amene anati anamva za malungo ake ndipo sanagone tulo. Ndinati ndine. Anati iye ankadabwa kuti ababa akudziwa bwanji zonsezi ali kutali, koma ankaganiza kuti Mulungu ndiye amawauza.

Tsiku lonselo sanandilankhulenso, ndipo chakudya anangochigwiragwira. Ndinati basi, mwamuna ndinataya kale, tsopano ndatayanso mwana.

Lero m'mawa ndikunola khasu, wabwera ndi kope lake atalitsegula pakati. Wang'amba yekha mapepala, ndi omwe ndikulemberapowa. Wati chaka chamawa ndidzamulemberenso, chifukwa mawu aja amawakonda, koma pansi ndidzalembe dzina langa. Ataima pang'ono wandifunsa kuti, "Amayi, nanga ababawo kulemba amatha?"

Funso limenelo si langa, ndi lanu.

Ndiye pempho langa ndi limodzi. Sindikuti bwerani, sindikuti musiye amene muli nawo, sindikuti mutumize kanthu. Mulembereni mwana wanu. Ngakhale mizere iwiri, ngakhale yokhota, bola ikhale ya dzanja lanu. Keyala ndi yomwe ija ya kusukulu. Musalembe zoti mubwera ngati simubwera, malonjezo abodza ndamudyetsa kale okwanira. Mukaona kuti ngakhale zimenezi simungathe, muwauze a Zakeyo mosabisa, kuti mwanayu aleke kuthamangira kwa aphunzitsi Lachisanu lililonse kukafunsa za makalata.

Mundiperekere moni kwa anthu akwathu onse amene mumakumana nawo kumeneko. Moni kwa mayi amene akukuphikiraniyo, sindimudziwa ndipo sindimutemberera. Kamwanako mukafungatire m'malo mwa Tiyamike, ndi mlongo wake, kalibe mlandu ndi munthu.

Mulungu amene anasunga mwana ndi amake m'dziko la eni akusungeni inunso, ndipo atichitire chifundo tonse m'chaka chatsopanochi.

Ndatha ine mayi wa mwana wanu,

Malita