Ndidakali M'dzenje

Lachisanu, 14 Novembala

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira kuti mwendo uja wayamba kukumverani. Ine kuno ndili bwino, mawu okha ndi amene akusasa ngati kale. Ndasankha kulemba chifukwa pa foni mumandiposa pakamwa, ndipo ndimangovomera zilizonse.

Mwandifunsa kangapo ngati ndipumedi pa ntchito temu ino ikatha n'kubwera kudzakhala nanu. Ndikudziwa kuti chipinda munakonza kale, makatani n'kupachika, komanso kuti nyumba yakukulirani chimwalirireni alamu. Musanandiweruze, imvani kaye zimene zandigwera.

Ahedi anatiikira makompyuta m'chipinda chija munkasungidwa madesiki othyoka, n'kulamula kuti masamu tiziphunzitsanso ndi gemu. M'gemumo mulibe zigoli kapena wopambana. Aliyense ali ndi kamunthu kake koyendetsa, ndipo kalasi yonse imakhala m'dziko limodzi, kukumba ndi kusanja timabokosi ngati njerwa, kumanga chilichonse chimene mtima wafuna. Ine ndinavomera pakamwa pokha, paja kukana nsalu ya akulu n'kuviika.

Tsiku loyamba, pofuna kuonetsa ana kayezedwe ka mulitali ndi mulifupi, ndinakanikiza batani osalisiya. Kamunthu kanga kanakumba pansi pa mapazi ake mpaka kumwamba kunangotsala kabowo. Ana anaseka mpaka wina kugwa pa mpando. Kutuluka sindinkadziwa, kufunsa ndinkachita manyazi. Ndiye ndinaumitsa nkhope n'kunena kuti ndachita dala: ayeze kuya kwa dzenjelo, awerengere timabokosi tofunika, andimangire masitepe.

Achemwali, zaka zonsezi sindinaonepo ana akukanganirana masamu chonchi. Kamtsikana kena, kamene anzake amakatcha Chete chifukwa sikayankha m'kalasi, ndi kamene kanasanduka kapitawo, kumabweza anyamata akuluakulu kuti akayezenso. Anakuza dzenjelo, anaikamo nyali, mpaka bolodi pakhoma, ati madamu asasowe polemba. Ine ndimaphunzitsira pansi pomwepo, iwo kumasuzumira m'mphepete ndi mafunso awo.

Koma masabata akhala akupita masitepe osatha. Amanga bwinobwino, belu likangotsala pang'ono wina wagumula apamwamba. Dzana ndinatopa nazo. Ndinaitana Chete n'kumufunsa ngati kuwerengera kwawavuta. Anati ayi, n'kunditchulira timabokosi totsala osaphonya. Nditafunsa chimene sakumalizira, anayang'ana anzake, kenako pansi.

"Tinamva ahedi akuuza aphunzitsi ena kuti mukupita, madamu. Ndiye tinaona kuti tikakutulutsani, mupitadi."

Ndinawauza kuti azimitse makompyuta, ine n'kupita kukasamba kumaso pa mpopi wa kuseri. Ndinalira, sindikubisirani.

Ndikudziwa kuti ndi gemu chabe, ndipo ana sachedwa kuiwala. Ndikudziwanso kuti inu mumadya nokha, ndipo zimenezi zimandiwawa tsiku lililonse. Komabe dzulo ndinauza ahedi kuti ndikhala mpaka kalasi imeneyi ilembe mayeso ake omaliza chaka chamawa. Holide ino ndibwera, ndidzagona m'chipinda changacho, mudzandikalipire pamaso mpaka mtima ukhale pansi.

Mundiperekere moni kwa adzukulu akabwera kudzakuonani, komanso kwa anesi oyandikana nanu aja amene amakumangani mwendo. Muwathokoze m'malo mwanga, poti akugwira ntchito imene ndikanagwira ine. Makataniwo musachotse. Ngati mungathe, ndisungireni malo chaka chimodzi chokha. Anawa ndawauza kuti sindikupita, koma sanandikhulupirirebe, ndipo leronso agumula masitepe apamwamba.

Ndine mng'ono wanu wosamva uja,
amene adakali m'dzenje.