Kope Lofiira la m'Thiranki ya Abambo

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga mwendo wa amayi uja unaphwa? Ine kuno thupi lili bwino, mtima ndiye ayi. Mukundidziwa sinditha kuzungulira, choncho ndingolunjika.

A Pulofesa aja ndawagwirira ntchito zaka makumi awiri ndi ziwiri apuma. Anadwala matenda ofa ziwalo, moti pakamwa sipakutuluka mawu omveka. Lachisanu kunali mwambo wowatsanzika. Anawakhazika kutsogolo n'kumawerenga ntchito zawo: kuti ndiwo anafufuza tizilombo totsegula m'mimba topezeka mu mkaka ndi m'nyama, ndiwonso anapeza kutentha ndi mphindi zokwanira kutipha. Mutu anali nawo, sindikana. Koma ankalawirira m'misika kukatenga mkakawo ndani? Ankabzala tizilomboto m'timbale, n'kuima ndi wotchi m'manja pa mphika wa nthunzi mpaka nsidze kupserera, ndani? Ine anandithokoza ponditchula kuti bambo wathu wotsuka mabotolo. Anthu anawomba m'manja. Ndinatuluka tiyi asanabwere.

M'malo mwawo abweretsa mayi wina wa madigiri atatu. Tsiku lachiwiri lomwe anatsegula firiji yaikulu ya mu labotale, n'kupeza timabotolo mazana asanu ndi limodzi ta tizilombo tomwe takhala tikusunga chiyambire ntchitoyi. Pa kabotolo kalikonse palibe dzina, pali zizindikiro zanga: mtanda, timadontho, kanyenyezi, nambala. Ndinayamba kulemba choncho ndisanadziwe kalembedwe ka maina aatali a tizilomboto, ndipo a Pulofesa ankangoseka, amvekere bola ntchito ikuyenda.

Mayiyo akuti tizilombo tosadziwika komwe tinachokera ndi ngozi chabe. Akuti ndikapanda kuonetsa buku lomasulira zizindikirozo pofika pa 30 mwezi uno, tizilombo tonseto tilowa mu mphika wa nthunzi, tife. Ndinamuyankha kuti pamene ine ndinkayamba kudzaza firijiyo, iye anali asanadziwe kumanga zingwe za nsapato. Sanakwiye n'komwe. Anangobwereza tsikulo. Chondiwawa n'chakuti sakulakwa.

Bukulo lili kwanuko, Achemwali.

Mukumbukira pa maliro a abambo ndinabwera nditatupa ngati finye, inu n'kumayesa n'chisoni chokha. A Pulofesa anali atangosindikiza lipoti lathu lalikulu popanda dzina langa, ati malamulo salola munthu wopanda satifiketi. Ndinanyamula kope lofiira lachikuto cholimba, kuti tione ngati satifiketi imawerenga mitanda yanga. Ndinalitsekera m'thiranki ya abambo, pansi pa jekete lawo lakuda. Ndinkadikira kuti adzandipemphe, mwinanso kundipepesa. Sanapemphe. Akafuna kanthu ankangondifunsa, ine n'kumayankha za m'mutu. Zaka zisanu ndi zinayi zatha choncho, ndipo tsopano mutuwo wayamba kudontha.

Za zaka zapafupizi ndili nazo m'kope lina. Koma timabotolo toyambirira, toposa mazana atatu, mbiri yake ili m'kope lofiiralo basi: msika wake, tsiku lake, chakudya chake, ndi mphindi zomwe tinapirira pamoto. Mwa timeneti muli ta mkaka womwe unagoneka ana a sukulu ina m'chipatala. Tizilomboti titafa, kulibe kokatitenganso. Ndinkati ndikukhaulitsa a Pulofesa, osadziwa kuti ndikudzitchera ndekha.

Pempho langa ndi limodzi. Tsegulani thirankiyo lero lomwe, kiyi ali m'kachitini ka mabatani ka amayi. Kopelo mulikulunge m'pepala lapulasitiki, alamu akwere nalo basi okha. Pa positi ayi, ndipo ana asaligwire. Galu wamkota sakandira pachabe: sindinaiwale kuti makope anga a ku pulaimale munayatsira mbaula, n'kundiuza kuti anadyedwa ndi chiswe. Musakwiye, mkamwa mwangamu ndinabadwa namo.

Ngati ilinso munayatsira kale moto, ndiuzeni mosabisa. Musandinamize kuti mukadafunafuna, ine kuno n'kumawerenga masiku. Ndikangodziwa, sindilola mayiyo kapena wina aliyense kuyatsa mphikawo. Tizilomboto ndidzatilowetsamo ndekha, wotchi yanga ili m'manja. Mphindi zake ndimazidziwa popanda kope.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa azakhali ndi kwa amalume aang'ono. Ana muwauze azisamba m'manja asanadye, ngakhale ndikudziwa mumandiseka ndikatero. Amayi muwagwire dzanja m'malo mwanga, koma za kutsuka mabotolozi musawauze. Iwo amauza anzawo kuti mwana wawo ndi dokotala wa tizilombo. Asiyeni choncho.

Ndine mlongo wanu,
uja mumamuti Kamoto